Lufeyo Atasuntha Malire

Amene anakhalako kumapiri a ku Tsangano amadziwa kuti malire a kumeneko sawoneka ndi maso. Munthu amadzuka ku Malawi, n'kukagaitsa chimanga ku Mozambiki, n'kubwerako dzuwa lisanatenthe. Kwa Chimkwita, mudzi wa mbali ya Malawi, kunali bambo wina amene nyumba yake inali dziko lino koma khola lili dziko linalo, ndipo pamowa anzake ankamuseka kuti amaweta nkhumba zakunja. Ana a kwa Bizeki, mudzi wa mbali inayo, ankaphunzira sukulu ya kwa Chimkwita. Foni ikalira m'thumba, nthawi zambiri unali uthenga wokulandira m'dziko la eni, iwe uli khale pakhonde pako. Midzi iwiriyi inkakwatirana, inkathandizana pamaliro, Chichewa chake chimodzi. Panalibe waya, panalibe msilikali.

Kwa Chimkwita kumeneko kunali Lufeyo Chinkhata, mlimi wa mbatata ya kachewere. Munda wake unali m'tsinde mwa phiri, ndipo kumtunda kwake kunali kasupe wosaphwa. Madzi ankatsika m'ngalande n'kuthirira mbatata m'nyengo yozizira, anzake akungodikira mvula. Kasupe ameneyo ndiye anamufolerera nyumba ndi malata, ndiye ankasunga ana ake awiri kusekondale yogonera komweko.

Pambali pa kasupeyo panali kankhalango ka masuku kamene khasu la Lufeyo silinkafikako. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, anthu othawa kwawo anadzaza mbali yonseyo ndi misasa, ndipo amene ankafa ndi matenda ankaikidwa pansi pa mitengo imeneyo, mofulumira, popanda mtanda. Nkhondo itatha amoyo anabwerera kwawo, mitumbira n'kufafanizika ndi mvula. Mkazi wa Lufeyo, Rozina, anabwera m'chipwirikiti chimenecho ali kamtsikana kosatha kusenza ndowa. Mayi ake anatsalira pansi pa masukuwo, iye n'kuleredwa ndi banja lina la kwa Chimkwita. Mtumbira wa mayi ake sankaudziwa. Masuku a kumeneko sankadya, ngakhale nkhuni sankatolako.

Chaka china kunabwera anthu a boma a mayiko onse awiri kudzayeza malire mwatsopano. Anagwira ntchito yawo mwamtendere, akudyera limodzi pansi pa mtengo, ndipo pochoka anasiya zipilala za simenti zofika m'chiuno. Chimodzi chinaima m'munda mwa Lufeyo, kumunsi kwa kasupe. Kasupe ndi masuku onse zinapezeka zili ku Mozambiki. Akuluakuluwo anati aliyense apitirize kulima pamene ankalima kale, koma mawu amenewo anakwera nawo galimoto.

Madzulo a tsikulo Rozina anakhala pakhonde nthawi yaitali, maso ali kuphiri. Kenaka anati, motsitsa mawu, ndiye kuti amayi agona kwawo tsopano, osayenda n'komwe. Lufeyo, mutu uli pa kasupe, anamuyankha mokalipa kuti akufa sathirira mbatata.

Sipanapite nthawi, Jelevaziyo wa kwa Bizeki anatulukira. Ameneyu anali mnzake wa Lufeyo kuyambira akuweta mbuzi limodzi, munthu wobwerekana naye ng'ombe ndi mpope wopoperera mbewu. Anati agogo ake ankamwa kasupe ameneyo nkhondo isanabwere, ndipo tsopano simenti yachitira umboni. Anatseka ngalande ya Lufeyo ndi miyala, madzi n'kuwapatutsira kudimba kwake. Nkhani inapita kwa mafumu a mbali zonse ziwiri, koma aliyense ankaopa kuyambanitsa midzi, choncho ankangoti tikumanenso. Uku akukumanakumana, mbatata ya Lufeyo inayamba kuweramitsa masamba.

M'mawa wina wa mwezi wa Juni kunatsika nkhungu yoti munthu sukanaona khomo la mnzako. Lufeyo anamanga ng'ombe zake pagoli, natenga tcheni ndi chitsulo chokumbira. Anakumba mozungulira chipilala mpaka chinagwedera, anachikulunga tcheni, ng'ombe n'kukoka. Zinayenda bwino mpaka pofika m'masuku muja. Pamenepo zinaima, zikunjenjemera m'miyendo, zikupumira m'mwamba ngati zanunkhiza fisi. Anazikwapula mpaka zinadutsa. Chipilalacho anakachiimika kuseri kwa kasupe ndi kwa masuku, dzenje lakale analikwirira n'kuunda mzere pamwamba pake, kenaka anachotsa miyala m'ngalande. Madzi atayamba kutsika, anasamba m'manja n'kubwerera kunyumba.

Rozina anaona tcheni yoyera ndi fumbi la simenti ili pakhoma la khola. Anaiyang'ana, anayang'ana mwamuna wake, n'kupitiriza kusesa.

Jelevaziyo anabwera masana akuphulika ndi ukali. Lufeyo anamuuza kuti anthu a boma aja anabweranso kudzakonza pamene analakwitsa. Jelevaziyo anangoloza mkwasa umene chipilala chinasiya paudzu, nati akanena kuboma la kwawo, ndipo kuyambira lero asadzamutchulenso kuti achimwene.

Masiku oyamba kunali zii. Mbatata inadzuka, Lufeyo n'kuyamba kuimba mluzu pothirira.

Choyamba kusowa unali mchere. Rozina anadzaza chitini madzulo, m'mawa n'kuchipeza chopanda kanthu, chotsekedwa bwinobwino. Lufeyo anati mwina anabwereketsa n'kuiwala. Kenaka inasowa mphasa imene inali itayanikidwa pampanda, kenaka kapoto kakang'ono kotenthetseramo madzi. Wakuba wake anali wodabwitsa: njinga inagona panja osaikhudza, nkhuku zinali zonse, wailesi inali pazenera. Zinkasowa ndi zinthu zimene munthu amapempha akafika pamalo alibe kanthu. Anansi nawonso anayamba kudandaula. Wina anasowa chikho, wina bulangete lakutha limene ankafunditsa mbewu.

Agalu a m'mudzi, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, anasiya kuuwa. Dzuwa likangopendeka ankalowa pansi pa nkhokwe, osatulukanso ngakhale uwaponyere fupa.

Lufeyo akapita kumunda m'mawa ankamva fungo la utsi, utsi wa nkhuni zaziwisi, koma moto osauona. Tsiku lina anapeza mame atapondedwa m'mbali monse mwa ngalande. Anawerama kuti aone bwino. Anali mapazi opanda nsapato, aakulu ndi aang'ono, ambiri ngati padutsa anthu ochokera kumaliro. Ankachokera m'masuku n'kutsikira kumudzi. M'mizere ya mbatata sanapondemo ngakhale mmodzi, onse ankalambalala mwaulemu ngati anthu odziwa kuti munda ndi wa eni. Ulemu umenewo ndiwo unamuopsa Lufeyo. Anafufuta mapaziwo ndi khasu, osauza munthu.

Ndiye kunayamba odi. Sanali wa pakati pa usiku ayi, ankabwera chisisira, anthu akadali maso, akutsuka mbale. Anali odi wapansipansi, wamanyazi, wa munthu amene wakanizidwa kale pamakomo ena. Lufeyo akatsegula ankapeza nkhungu yokha ili pabwalo. Akatseka, ankamva ngati anthu akunong'onezana kuseri kwa khitchini, ndiponso kachifuwa ka mwana, kouma, kobwerezabwereza. Tsiku lina anatuluka ndi tochi ndi chikwanje n'kuzungulira nyumba yonse. Pobwerera anapeza Rozina ataima pakhomo, atagwira mbale ya ufa, akuyang'ana mumdima ngati akudikira kuti wina atambasule manja.

Anamufunsa kuti ufawo ukupita kuti. Rozina anayang'ana mbaleyo modabwa, nati sakukumbuka kuti waitenga nthawi yanji.

Loweruka Lufeyo anapita kumsika kukagula mankhwala a mbewu. Pobwerera nkhungu inamupeza panjira, moti anatsika njinga n'kumaikankha. Atayandikira pokhotera kumunda kwake anaona munthu ataima m'mbali mwa njira. Anali mayi, phukusi lili pamutu, m'chiuno atamanga chiguduli m'malo mwa chitenje. Lufeyo anali asanaonenso munthu wovala chiguduli kuyambira ali mwana. Nkhope sanaione bwino, pakuti mayiyo anawerama, monga amachitira munthu polankhula ndi mwini dera. Kumbuyo kwake nkhungu inkaoneka yothithikana mwachilendo, ngati muli ena ataima.

"Pepani bambo," anatero mayiyo. "Kuno ndi kuti?"

Lufeyo anayankha kuti ndi kwa Chimkwita.

"Dziko lake?"

"Malawi."

Mayiyo anausa moyo, ndipo kuusako kunamveka ngati kwachokera m'zifuwa zambiri.

"Ifetu tinauzidwa kuti tafika," anatero.

Lufeyo anakankha njinga osacheuka. Njira yonse ankamva ngati kumbuyo kwake kukuyenda anthu mwakachetechete, osamuthamangitsa, kungomutsatira poti ndiye akudziwa njira.

Kunyumba anapeza Rozina atayala chitenje pansi, akuikapo zinthu: chikho, mpeni, machesi, kathumba ka nyemba. Anamanga mfundo mwaluso, namasula, namanganso. Ankang'ung'udza kanyimbo kamene Lufeyo anali asanakamvepo pa zaka zonse za ukwati wawo. Atamuitana kuti mayi a Tiyese, sanatembenuke. Atamugwira paphewa, anadzidzimuka n'kuyamba kulira, akuti akumva kuzizira m'mafupa, ndipo kuli wina akumuitana dzina limene anasiya kuitanidwa kalekale.

Lufeyo anamasula phukusilo n'kubwezera zinthu m'malo mwake. Mumtima ankadziwa chimene chinkafunika. Koma mbatata inali itayamba maluwa, ndipo anadziuza kuti angodikira milungu yochepa, akakumba basi adzachibwezera yekha chipilalacho. Anayamba kukhoma chitseko dzuwa lisanalowe, kiyi n'kumuika m'thumba.

Sizinadikire milungu. Lachiwiri masana, Lufeyo ali kudibi kukasambitsa ng'ombe, nkhungu inatsika phiri mofulumira ngati ikuthamangira wina. Atafika kunyumba anapeza chitseko chili pululu. Moto unali utazima. Chitenje chija panalibe, chikho panalibe, ndipo nsapato za Rozina zinali pakhomo, zitaikidwa bwino pamodzi.

Anafunsa kwa anansi. Mayi wina anati anamuona akudutsa kuseri kwa nkhokwe, phukusi lili pamutu, ndipo atamupatsa moni sanayankhe. Anati ankayenda ngati munthu amene ali pamzere, akusiya mpata kutsogolo ndi kumbuyo. Atanena zimenezo mayiyo analowa m'nyumba mwake n'kutseka.

Lufeyo anathamangira kumunda akuitana. Mawu ake ankangomira mu nkhungu. Anafika m'mphepete mwa masuku, n'kuima pomwepo, osalowamo. M'katimo munkamveka phokoso lapansipansi, ngati la anthu ambiri amene akhala pansi kudikira, wina akutsokomola, wina akutonthoza mwana. Anaitananso, phokosolo n'kudukiza kamodzi, zii, ngati onse atembenukira kwa iye.

Analambalala nkhalangoyo n'kuthamangira kwa Bizeki.

Anapeza Jelevaziyo atakhala pakhonde, maso ali ofiira ngati munthu wosagona. Lufeyo sanapereke moni. Anagwada pabwalo pomwepo, nanena zonse: za tcheni, za mayi wa chiguduli, za nsapato pakhomo. Jelevaziyo anamvetsera osamudula. Kenaka anati kuboma sanapiteko, chifukwa tsiku limene ankati anyamuke anadzera pachipilala, n'kupeza udzu wa mbali ya Malawi utagona ngati pakhala khamu la anthu. Mapazi ankafika pachipilala n'kubwerera. Mbali ya kwawo kunalibe ngakhale phazi limodzi. Kuyambira tsikulo madzulo alionse ankamva anthu ataima kumeneko, ndipo mwa mawuwo ena ankawazindikira, pakuti naye anali ndi azakhali ndi mlongo wake pansi pa masuku amenewo.

"Ine ndinkalimbira madzi," anatero, "za iwowo sindinaganizeko. Dzukani achimwene, kusanade."

Anatenga ng'ombe za Jelevaziyo, koma zitangoona chipilala zinagwada, osasunthanso ngakhale azimenye. Anazimasula. Anakumba ndi manja ndi chitsulo mpaka chipilala chinagwa, anachimanga ndi zingwe pamtengo wa bulugamu, n'kuyesa kunyamula pamapewa, Jelevaziyo kutsogolo, Lufeyo kumbuyo. Chinali cholemera moti anthu anayi akanavutika nacho. Anayenda pang'ono n'kutula, pang'ono n'kutula, mtengo ukudya mnofu wa paphewa. Kuwala kunali kukutha. Njira yachidule yopita padzenje lakale inali imodzi yokha, yodutsa m'masuku.

Atalowa pansi pa mitengo kunazizira ngati alowa m'madzi. Phazi la Lufeyo linaterereka pamuzu, bondo n'kugunda pansi, ndipo anadziwa kuti simenti yonseyo ikumugwera pamsana. Koma sinagwe. Mtengo unakwera wokha kuchoka paphewa pake. Anaimirira, naugwira, ndipo unali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Kumanzere ndi kumanja kwake kunkamveka kupuma, kufupi kwambiri, ndi fungo la utsi ndi la zovala zimene zagonedwa masiku ambiri. Chala chake chinakhudza chinthu chozizira pamtengopo, chimene chinasuntha pang'ono kumupatsa malo.

"Musayang'ane m'mbali," Jelevaziyo anatero osatembenuka. "Yang'anani msana wanga basi."

Anayenda choncho, masamba ouma akuphwanyika mbali zonse, kuposa mmene mapazi a anthu awiri angaphwanyire. Lufeyo anali ndi nkhawa kuti dzenje lakale salipeza, poti anali ataundapo mzere n'kubzalapo. Koma atatuluka m'mitengo, mtengo uja unawatsogolera wokha, kuwakokera kumanzere, mpaka unaima. Pansi panali dzenje lofukulidwa kale, dothi litaunjikidwa bwino pambali, mbatata zimene zinali pamenepo zitazulidwa n'kuikidwa pamzere wina, mizu yake itakwiriridwa kuti isaume.

Anatsitsiramo chipilala. Kulemera kwake kunabwerera mwadzidzidzi moti onse awiri anagwa nacho m'mawondo. Anakwirira ndi manja, akupondaponda, osalankhulana. Atamaliza anamva ngati mphepo yadutsa m'masuku, ulendo umodzi wokha, ngakhale tsamba silinagwedezeke. Patali, kumudzi kwa Chimkwita, galu anauwa, wina n'kumuyankha.

Anamupeza Rozina m'mphepete mwa nkhalango, atakhala pansi miyendo ili tambalale pafupi ndi kamtengo kena kopindika. Phukusi linali lomasula, zinthu zitayalidwa bwino paudzu: chikho, mpeni, machesi. Pambali pake panali mphasa ija, kapoto kaja, ndi bulangete la anansi, zonse zonyowa ndi mame. Mapazi ake anali ozizira ngati mwala. Lufeyo anamufunditsa jekete n'kumubereka kumsana ngati mwana, Jelevaziyo akuunikira njira ndi foni mpaka pakhomo.

Rozina anagona masiku angapo akutentha thupi, osalankhula. Anansi ankabwera kudzamuona n'kumabwerera akunong'onezana. Katundu amene anapezeka kumasuku palibe anafuna kumutenganso. Lufeyo ndi Jelevaziyo anakumana pakasupe popanda mfumu, nagawa ngalande pawiri ndi mwala umodzi pakati, ndipo pambuyo pake anthu a midzi yonse iwiri anakalambula pansi pa masuku n'kuzingapo mpanda wa minga. Pakamtengo kopindika paja Lufeyo anaikapo mtanda wa matabwa, ngakhale panalibe amene anamuuza kuti ndi pamenepo.

Rozina anadzuka tsiku lina m'mawa n'kupempha madzi osamba. Atasamba anakhala padzuwa kuseri kwa nyumba, Lufeyo n'kukhala pambali pake, akusowa poyambira. Pomaliza anamufunsa ngati akukumbuka chilichonse.

Rozina anati akukumbuka pang'ono. Anati kunali anthu ambiri, otopa, osakwiya. Anati mayi ake anamupesa tsitsi ndi zala, namufunsa ngati anakwatiwa, ngati ali ndi ana, ngati amadya bwino. Anasimba zimenezi ndi mawu osalala, maso ali pazikhadabo zake. Kenaka anatembenuka n'kumuyang'ana mwamuna wake m'maso, koyamba chichitikire zonsezi.

"Anandifunsanso kuti anawabweza kuchilendo ndani, iwo atafika kale. Onse anakhala chete kudikira kuti nditchule."

Lufeyo anafunsa kuti ndiye anayankha chiyani.

"Ndinati sindikumudziwa," anatero Rozina. "Zaka zonsezi ndakhala ndikulakalaka kulankhula ndi amayi anga kamodzi kokha, bambo a Tiyese. Mpata unapezeka, ndipo ndinawanamiza chifukwa cha inu."

Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira khoma, nalowa m'nyumba. Lufeyo anatsala yekha padzuwapo.